Mbiri ya Njanji, ndi Zimene Aulendo Oyamba Anakomana Nazo

Ife a kuno kwa Mkanda tikapita ku boma la Mchinji tiona zitsulo ziwiri zogona pansi, zocokera kum'mawa ndi kulowa m'dziko la Zambia; ndipo ana athu ayesa kuti zinakhalapo cikhalire. Koma si tero ai. Makolo athu anakwera sitima ya pamtunda zaka zambiri njanji isanayandikire kuno, ndipo kuti aipeze anayamba ayenda pansi masiku ambiri. Nkwabwino tsono kuti tikumbutsane m'mene njanji inadzera m'dziko lino, ndi zimene munthu woyamba kukwera anakomana nazo, pakuti ulendowo unasintha midzi yathu koposa m'mene tiganizira.

Njanji yoyamba sanaimangire ife. Azungu a minda ya ku Blantyre ndi ku Mulanje anafuna njira yoturutsira katundu wao, popeza madzi a m'Shire anali kucepa, ndi sitima za pamadzi zinalephera kukwera bwino. Ndipo akatundu ambiri anayenda pa mitu ya amtengatenga. Cifukwa cace kampani ya Shire Highlands Railway inamanga njanji kucokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera pa Chiromo, nifika ku Blantyre m'caka ca 1908. Utali wace mailosi 113. Injini ziwiri za masiku oyambawo anazicha Thistle ndi Shamrock, ndipo anazisunga zikhale cikumbutso, yina ku Limbe, yina ku nyumba yosungiramo zakale ku Blantyre.

M'caka ca 1914 anaionjezera kufikira ku Chindio, tsidya lino la Zambezi; ndipo m'caka ca 1922 njanji yina yocokera ku Dondo, pafupi ndi Beira, inafika ku Murraça, tsidya lija. Pakati pace panatsala mtsinje, motero aulendo anatsika onse ndi katundu wao, naoloka pa sitima ya pamadzi, nakakwera yina kutsidya. Bvuto ili linatha m'caka ca 1935, pamene anatsegula ulalo wa Dona Ana, woposa mailosi 2 m'litali mwace, wolumikiza Mutarara ndi Sena. Caka comweco njanji ya kumpoto inafika ku Salima. Kuyambira pamenepo Salima ndiye anali siteshoni yoyandikira kwa munthu wa kuno, cinkana panali mailosi oposa 100 akuyenda pansi kapena kukwera lole.

Nanga cinawaturutsa m'mudzi nciani? Cinali msonkho wa boma, ndi kusowa kwa nchito ya malipiro okwanira kwathu kuno. Amuna anapita ku minda ndi ku migodi ya ku Halale, ena ku Joni mwa dzanja la Wenela. M'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko ofunda ano, cifukwa anali kufa ambiri ndi cibayo; koma m'zaka za 1930 anayambanso kuwalemba. Bungwe limene boma la Nyasaland linaika m'caka ca 1935 kuti lifufuze za nkhaniyi linawerenga kuti amuna okhala kunja kwa dziko anali ngati 120,000. Ambiri osowa ndarama anangodula pansi kudzera ku Tete. Koma okhala ndi ya tikiti, ndi obwerera kwao atalandira malipiro, anakwera sitima.

Tsono taonani zimene mlendo wotere anapeza. Coyamba anaphunzira kuti pa njanji munthu adziwika ndi mapepala. Kumudzi amdziwa ndi mfunda wace. Koma pa siteshoni amfunsa tikiti, ndi pa malire amfunsa citupa, ndipo wotaya kapepala kamodzi ka izi anatha kutsitsidwa pakati pa anthu osamva cinenero cace. Cifukwa cace akulu anamanga mapepala ndi ndarama m'kansaru, nazibisa m'cuuno.

Caciwiri anapeza kuti ngolo za sitima, zimene lero timati mabogi, zinagawidwa monga mwa khungu. Azungu anali ndi zao za mipando yofewa ndi pogona. Anthu akuda anakhala m'ngolo za mtengo wotsika, pa mabenci a matabwa, mothithikana ndi mitolo, madengu ndi ana. Usiku munthu anagona cikhalire, atatsamira phukusi lace, pakuti woliika patari anadzuka liribe mwini.

Cacitatu ndico zodabwitsa za ulendo womwe. Injini za masiku aja zinayenda ndi moto ndi madzi, poyamba nkhuni, pambuyo pace malasha. Ndipo woturutsa mutu pa zenera analandira utsi m'maso ndi mbaliwali pa malaya. Pouka sitima ngolo zinakokana mwa cigwegwede, kotero kuti woima anagwera mnzace. Ndipo mlendo poyang'ana kunja anaona ngati mitengo ndiyo irikuthawira kumbuyo. Kucokera ku Salima njanji idzera ku Chipoka pafupi ndi nyanja, nipitirira ku Balaka, nioloka Shire, nikwera pang'ono pang'ono ku mapiri a Blantyre ndi Limbe kumene kuzizira. Ulendo wa kumwera unatsikira ku Luchenza, nutsata mtsinje wa Ruo kufikira ku cigwa cotentha ca Chiromo. Motero munthu anamva cisanu ndi thukuta m'ulendo umodzi.

Sitima inaima kawiri kawiri kuti injini imwe madzi, ndipo pa masiteshoni akazi anadza ndi nthoci, nzimbe ndi nsomba zogulitsa. Wocenjera ananyamula kamba wace kucokera kwao, ndiye cimanga cokazinga, mtedza ndi mbatata, ndi madzi m'cipanda. Pakuti wotsika kukafuna cakudya patari anamva mluzu ali kutseri, naona sitima irikumuka ndi katundu wace. Pa Dondo wopita ku Halale anatsika nadikira sitima yina yocokera ku Beira, yokwera ku Umtali, ndiko Mutare, ndi ku Salisbury, njanji imene inafika kumeneko m'caka ca 1899. Apa ndipo ambiri anasokera, cifukwa ca manyazi a kufunsa. Ndipo panaoneka zoona za mwambi uja wakuti safunsa anadya phula.

Zaka zotsatira zinasintha zambiri. M'zaka za 1950 Wenela anayamba kunyamula anthu ace pa ndege. Ndipo pa 4 April 1974 ndege yace inagwa ku Francistown, nafa Amalawi 74, ndi Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. M'caka ca 1970 anatsegula njanji yocokera ku Nkaya kufikira ku Nayuchi, yopita ku doko la Nacala. Ndi cithandizo ca dziko la Canada njanji inacoka ku Salima nifika ku Lilongwe m'caka ca 1979, ndi posacedwa ku Mchinji. Koma m'zaka za 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri za ku nyanja yamcere, niononga ulalo wa Dona Ana. Ndipo m'caka ca 1997 cigumula cinadula njanji pafupi ndi Chiromo. M'caka ca 1999 boma linapereka nchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways, ndipo m'caka ca 2010 anatsegula cigawo cocokera ku Mchinji kufikira ku Chipata.

Conco njanji inatifika mocedwa, pamene miseu ndi mabasi zinali zitalanda kale aulendo. Ndipo ya kuno inatumikira katundu koposa anthu. Koma wina wa ife akapeza mwai wakukwera sitima ulendo wautari, nzeru za makolo zikali zomthandiza. Afike msanga pa siteshoni, asunge tikiti kufikira atatsika, anyamule madzi ndi cakudya coposa cimene ayesa cikwanira, atenge cofunda, asaime pa khomo sitima irikuyenda, ndipo agwire mwana pa dzanja potsika. Adziwenso kuti sitima icedwa, pakuti njanji iri imodzi, ndipo sitima ziwiri zipatukirana pa malo oikika okha, kudandaula sikuifulumiza.

Cotsala ndi ici, abale. Sitima yomwe inatenga amuna inabwera nao ena ali ndi njinga, makina osokera ndi ndarama za sukulu ya ana. Koma ena sanabwere konse, ndiwo amene tinawacha machona, ndipo akazi ao anakalamba alikulima okha. Lero ana athu apita ku Joni pa basi, koma mtolo wa otsala m'mudzi ndi womwewo. Cifukwa cace powaperekeza tisawalangize za tikiti ndi kamba zokha, koma tiwauzenso kuti atumize mau, ndi kukumbukira amene awasiya.