Gandhi Anadziwa Mtundu Wace Ali pa Ulendo

Madzulo ano tikambe za buku limene Mohandas Gandhi wa ku India analemba la moyo wace. Analilemba m'cinenero ca kwao, Cigujarati, ndipo linayamba kutuluka pang'ono-pang'ono m'nyuzi ya Navajivan m'caka ca 1925. M'Cingelezi lichedwa The Story of My Experiments with Truth. Woliwerenga aona msanga kuti mbali yaikuru ndi ya maulendo.

Ulendo woyamba unali wa ku London m'1888, kukaphunzira malamulo, ali ndi zaka 18. Akuru a fuko lace ku Bombay anamletsa. Iye atakana kumvera, anamcotsa m'fuko. Amai ace anamlumbiritsa kuti asakadye nyama, asakamwe mowa, asakayende ndi akazi. Atafika, mnyamatayo anayesa kusanduka Mngelezi. Anagula suti ya mtengo wapatali, nalipira aphunzitsi a kubvina ndi a kuliza vayolini, koma patapita miyezi itatu anadziona kupusa nazileka. Ndipo taonani, Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu, anayamba kuliwerenga komweko ku London, atapemphedwa ndi Angelezi awiri apacibale.

M'1893 anapita ku South Africa kukathandiza pa mlandu wa wamalonda wina Msilamu, dzina lace Dada Abdulla. Ali m'sitima, ndi tikiti ya kalasi yoyamba m'thumba, anamtulutsa pa Pietermaritzburg cifukwa ca khungu lace, ndipo anacezera usiku wonse pa sitesheni alikunjenjemera ndi cisanu. Ambiri adziwa nkhani imeneyo. Koma ine ndiyesa kuti cacikuru ndi cina. Kwao munthu anali Mhindu, Msilamu kapena Mparsi, wolankhula Cigujarati kapena Citamil, yense ndi mwambo wace. Ku Natal Azungu sanasiyanitse: wamalonda, loya ndi wodula nzimbe, onse anali “coolie”. Dzina lacipongwe lomwelo linamsonyeza Gandhi kuti anthu awa ndi amodzi, ndipo m'1894 iye ndi anzace anayambitsa Natal Indian Congress.

Inu a ku migodi, mverani ici, ngakhale anacikamba m'buku lina. M'1913 Amwenye okumba malasha ku Newcastle anakana nchito cifukwa ca msonkho wa mapaundi 3, ndipo oposa 2,000, pamodzi ndi akazi ndi ana, anayenda pansi ndi Gandhi kulowa m'Transvaal popanda cilolezo. Caka cotsatira msonkhowo unathetsedwa.

Tisabise kanthu. Umodzi umene anauona kumeneko unali wa Amwenye okha. Pa zaka zace zoyamba analemba mau onyoza anthu akuda, nadandaula kuti Boma likulinganiza Amwenye ndi iwo, ngakhale buku lace likamba za Azulu obvulazidwa amene anawasamala m'1906.

Pamene anabwerera kwao m'1915, anali ngati mlendo. Gokhale, mtsogoleri amene Gandhi anamlemekeza koposa, anamuuza kuti ayambe wayenda m'dzikomo caka cathunthu asananene kanthu pa za ndale. Anayendadi, m'kalasi yacitatu, mothithikana ndi alimi osauka, ndipo za litsiro ndi kukankhana kwa m'ngolozo analemba mosabisa.

Bukulo lilekeza ca m'ma 1921, zaka 26 India asanalandire ufulu. Gandhi anati kuyambira pamenepo moyo wace unali woonekera kwa onse, kotero kuti panalibe cimene anthu sanacidziwe kale.