Nkhalamba, Galimoto ndi Mdzukulu

Pa 1 September 1955 anyamata asanu ndi mmodzi a m'masukulu akuru a Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London pa galimoto ziwiri za Land Rover, zimene zikoka ndi magudumu onse anai. Anapyola Turkey, Persia ndi India, nalowa m'nkhalango za Burma, kumene mseu wa Ledo, umene unalambulidwa pa nkhondo, unali utabwerera thengo. Anafika ku Singapore pa 6 March 1956.

Mmodzi wa iwo, Tim Slessor, atakalamba ndi kupuma pa nchito yace, anafuna kuyendanso ulendowo cobwerera. Galimoto imodzi ya ziwiri zija inapezeka pa cisumbu ca Saint Helena itacita dzimbiri, ndipo amisiri anaikonzanso. M'caka ca 2019, ali ndi zaka 87, mkuluyo anafika ku Singapore, zonse zitakonzeka. Koma tsiku lakunyamuka, pa 25 August, anadwala, natengedwa kunka ku cipatala. Mdzukulu wace, Nat George, analowa m'malo mwace, ndipo iye ndi anzace anafika ku London mu December, atayenda masiku 111.

Tsono ife amene imvi zayamba kutituluka tiphunzirepo kanthu. Pokonza ulendo wautali tiwerenga mafuta, ndarama ndi zitsulo zapadera, koma mphamvu ya thupi lathu tiiwala kuiwerenga. Galimoto yokalamba amisiri akhoza kuibwezera unyamata, koma munthu iai. Cifukwa cace tisakonze ulendo tokha; pakhale mwana pambali pathu amene adzagwira ciongolero ife tikalephera.