Mbiri ya a Gospel Kazako: muulutsi, mwini wailesi ndi nduna yakale ya boma

A Gospel Kazako ndi muulutsi, mlakatuli komanso munthu wa bizinesi amene adakhazikitsa wailesi ya Zodiak Broadcasting Station m'chaka cha 2005. Iwo adakhalaponso nduna yofalitsa nkhani kuyambira m'chaka cha 2020 mpaka 2023. Mbiri yawo ikuonetsa momwe ntchito youlutsa mawu idasinthira m'dziko muno, kuchoka m'manja mwa boma lokha kufika m'manja mwa anthu wamba.

A Kazako adayamba kudziwika ali muulutsi pa wailesi ya boma ya Malawi Broadcasting Corporation (MBC), yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ndipo idali yokhayo m'dziko muno kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Zinthu zidayamba kusintha ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'chaka cha 1994. Lamulo loona za mauthenga la m'chaka cha 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA kuti lidzipereka ziphaso kwa ofuna kutsegula nyumba zoulutsira mawu.

Ena mwa mawailesi oyamba omwe sadali a boma, monga Power 101 ndi Capital FM, adali mu mzinda wa Blantyre ndipo ankamvedwa kwambiri ndi anthu a m'tauni. A Kazako adatenga njira ina. Adaika likulu la wailesi yawo ku Lilongwe, ndipo adatsamira pa mapologalamu a m'Chichewa okhudza ulimi, ndale ndi moyo wa anthu a kumudzi.

Dzina la wailesiyi lidakula pa chisankho cha m'chaka cha 2009, pomwe atolankhani ake ankaulutsa zotsatira zosatsimikizika kuchokera m'malo oponyera voti m'maboma osiyanasiyana. Ntchitoyi idali ndi zovuta zake. M'mwezi wa July 2011, pa nyengo ya zionetsero zotsutsana ndi boma, anthu osadziwika adaononga galimoto za wailesiyi. Pambuyo pake kampaniyi idatsegulanso wailesi ya kanema, ndipo idadziwikanso ndi mphoto zomwe inkapereka kwa atsikana okhoza bwino mayeso a MSCE.

Dr Lazarus Chakwera atapambana chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020, adasankha a Kazako kukhala nduna yofalitsa nkhani. Kusankhidwa kwawo kudautsa mtsutso. Anthu ena adati nkosayenera kuti amene adayambitsa wailesi yaikulu akhale pa unduna womwe bungwe la MACRA ndi wailesi ya MBC zili pansi pake, poti zofuna za boma ndi za bizinesi zikhoza kuwombana. Ena adati undunawu udapeza munthu wodziwa mavuto a ntchitoyi.

Ntchito yomwe ikukhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma ndi ya lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamuloli m'mwezi wa December 2016, ndipo mtsogoleri wa dziko adalisayinira m'chaka cha 2017, koma lidakhala zaka zoposa zitatu osagwira ntchito chifukwa nduna idali isadalengeze tsiku loti liyambe. A Kazako adaika tsiku la 30 September 2020. Malinga ndi lamuloli, maofesi a boma ayenera kukhala ndi mkulu woona zopereka uthenga ndi kuyankha wopempha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo lidapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa.

M'chaka cha 2022, a Kazako akadali nduna, bungwe la MACRA lidalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu ponena kuti sizinkalipira ndalama za ziphasozo. Mabungwe oteteza atolankhani adadandaula kuti zimenezi zichotsetsa anthu ntchito ndi kuchepetsa malo omwe Amalawi amalankhulirapo zakukhosi.

A Kazako adachoka pa udindowu m'mwezi wa January 2023, pomwe Dr Chakwera adasintha nduna zawo, ndipo a Moses Kunkuyu ndiwo adalowa m'malo mwawo.