Sitima, Mzinga ndi Mapewa a Anthu: Chitetezo cha Nyasaland pa Nkhondo ya 1914

Amene adafikako ku Mangochi adzakumbukira mzinga wachitsulo umene udaimikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Mzingawo udachokera m'sitima ya Guendolen. Tifuna tiusandutse mboni, kuti utithandize kuyankha funso limene silinakalambe: pamene olamulira anena kuti akuteteza dziko, kodi kwenikweni amateteza yani, ndipo mtengo wake amalipira ndani?

Tiyambe ndi m'mene zinthu zidaaliri. Pa 4 Ogasiti 1914 Angerezi adaloŵa m'nkhondo yolimbana ndi Ajeremani. Nyasaland inali kadziko kakutali, kopanda gombe la nyanja yamchere. Kumpoto, kutsidya kwa Songwe, ndiponso kumpoto chakuvuma kwa nyanja yathu, kunali dziko la Ajeremani limene lero tikuti Tanzania. Misewu yoyenda galimoto kuchokera ku Zomba kukafika ku Karonga kunalibe. Mseu weniweni inali nyanja, ya mamailosi oposa 350 m'litali mwake. Wogwira nyanjayo ndiye akadatha kutumiza asilikali, chakudya ndi zipolopolo pa masiku oŵerengeka, mnzake akali kuyenda pansi milungu ingapo.

Pa nyanjapo panali sitima ziŵiri zoopedwa. Ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, idayamba kuyenda mu 1893, ndipo ndalama zake zidasonkhedwa ndi bungwe lothetsa ukapolo la ku Jeremani. Ya Angerezi, Guendolen, idalumikizidwa ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, niyamba ntchito mu 1899. Zonse ziŵiri zidabwera zidutswazidutswa kudzera pa Zambezi ndi Shire, ndipo pamathithi anthu adachita kuzisenza. Oyendetsa ake, Edmund Rhoades ndi Berndt, anali pa chibwenzi, ankachezerana.

Bwanamkubwa George Smith atalandira uthenga wa nkhondo, adalamula Rhoades kuti akafunefune sitima ya Ajeremani. M'mamaŵa pa 13 Ogasiti 1914, Guendolen idaipeza ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Zipolopolo za Angerezi zinali zokhalitsa, ndipo zingapo zidapita padera, kufikira chimodzi chidalasa. Berndt sankadziŵa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Adapalasa bwato kudzafunsa bwenzi lake chimene chalakwika, ndipo pomwepo adagwidwa. Angerezi adachotsa mfuti ya sitimayo ndi zitsulo zina za injini. Olemba mbiri ambiri amati imeneyi ndiyo inali nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Angerezi adapambana pa nkhondo yonse ija.

Nkhaniyi anthu amaisimba moseka, koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Nyanja itatsekuka, sitima zidanyamula asilikali a King's African Rifles kupita ku Karonga, kumene pa 9 Seputembala 1914 adabweza Ajeremani. Pa 30 Meyi 1915 Angerezi adabwereranso ku Sphinxhaven kukaonongeratu sitima ija, poopa kuti ingakonzedwe. Sitima zamalonda zidalandidwa ndi boma. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican imene inkanyamula aphunzitsi ndi odwala, idasanduka yonyamula asilikali.

Tsono tifunse: kodi zida zinkafika bwanji? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Zida za Nyasaland zinali fodya wapachala. Chipolopolo chilichonse chinkaoloka nyanja yamchere, imene miyezi yoyamba ija inkaopsedwa ndi sitima ya Ajeremani ya Königsberg, yomwe idamiza sitima ya Angerezi ya Pegasus ku Zanzibar pa 20 Seputembala 1914. Katundu ankatsikira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, m'dziko la Apwitikizi amene sadaloŵe m'nkhondo mpaka Malichi 1916. Kuchokera apo ankakwera ndi mtsinje, kenaka njanji, imene idafika ku Blantyre mu 1908 niitalikitsidwa mpaka ku Chindio mu 1915. Njanji itathera, katundu ankadzera pamtunda mpaka ku Fort Johnston, ndi kuloŵa m'sitima zimene zinkadya nkhuni zodulidwa ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Apa mpamene pagona nkhani. Mu 1916 Jenerali Edward Northey adaloŵa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja. Kumeneko kunalibe njanji, ndipo mapiri ake ngaatali. Chimene sitima idatula padooko, munthu adachisenza pamutu. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mwa iwo mokakamizidwa, mafumu atalamulidwa kupereka anthu. Wonyamula katundu nayenso amadya, motero ulendo ukatalika pankafunika anthu ena onyamulira chakudya anzao onyamula zipolopolo. Kamwazi, chibayo, malungo ndi njala zidapha ambiri amene sadagwirepo mfuti. Kumudzi minda idagonera, ndipo chimfine cha 1918 chidapeza anthu atafooka kale.

Pali zinthu ziŵiri zimene tiyenera kuzisinkhasinkha. Choyamba, chida sichisunga cholinga cha amene adachigula. Sitima zimene zidabwera m'dzina lomasula akapolo ndizo zidatsekula njira yoti anthu aufulu agwidwe m'midzi mwao kukasenza katundu wa nkhondo ya eni. Sitikana kuti sitima zankhondo zidathandiza kuletsa malonda a anthu pa nyanja. Tingoti ubwino wa chiyambi sutsimikiza ubwino wa mathero.

Chachiŵiri, njira ina inalipo. Pangano la ku Berlin la 1885 lidalola kuti maiko a m'chigawo chino, kuphatikizapo chigwa cha Shire, apatulidwe pa nkhondo za ku Ulaya, eni nkhondowo atagwirizana. Sadagwirizane. Angerezi anali ndi chifukwa chao: kusiya sitima ya adani pa nyanja kukadaika Karonga, Nkhata Bay ndi Fort Johnston pa ngozi. Mantha amenewo sitiŵapeputsa. Koma pa kuŵerengera kwao konse, moyo wa mtengatenga sudaikidwe pa sikelo, ndipo mwini moyoyo sadafunsidwe. John Chilembwe adaliwona msanga vutoli. Mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphaŵi akufera nkhondo imene siidzaŵapindulira kanthu. Boma lidatsekereza kalatayo, ndipo mu Januwale 1915 kudabuka kuukira kumene tonse tikudziŵa.

Nkhondo kuno idatha pa 25 Novembala 1918, pamene Paul von Lettow-Vorbeck adapereka zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala. Sitima ya Ajeremani idakonzedwa ndi Angerezi niitchedwa King George. Maina a sitima tikuŵadziŵa, ndi zaka zake zomwe, koma maina a amtengatenga ochuluka sadalembedwe paliponse. Ife amene tidzatumikira m'midzi imene adachokera anthuwo, tili ndi mwai wofunsa zidzukulu zao ndi kulemba zimene mabanja akukumbukira, zisanaiŵalike.