Khansa ya Bele: Kimiyoterapiya, Zovuta Zake ndi Nchito Yanu

Khansa ya bele ikapezeka msanga, anthu ambiri amacira. Madokotala amati ili "poyambira" ngati cotupa cili m'bele mokha, kapena cangofika m'timitsempha ta m'khwapa, koma sicinafalikire ku mapapo, ciwindi kapena mafupa. Ngati akuuzani zimenezi, mwina akuuzaninso kuti mulandire kimiyoterapiya. Ambiri amangoti "kimiyo". Tiyeni tione kuti ndi ciyani, imacita ciyani m'thupi, ndiponso mungagwire bwanji nchito pa nthawi imeneyi.

Kimiyo ndi ciyani?

Ndi mankhwala amphamvu amene amapha maselo a khansa. Maselo ndi tinthu ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu. Dokotala angacotse cotupa pa opaleshoni, koma maselo ena a khansa angatsale obisala m'thupi, osaoneka ndi maso. Kimiyo imayenda m'magazi n'kukawapeza komwe ali.

Nthawi zambiri mankhwalawa amalowa kudzera mu soro, botolo lija limene madzi ake amatsikira mumtsempha wa pamkono. Mumakhala pampando maola angapo, kenako mumabwerera kunyumba. Ena amalandira kimiyo opaleshoni isanacitike, kuti cotupa cicepe. Ena amalandira pambuyo pake. Ku Mozambique cithandizo cotere cimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Hospital Central de Maputo. Cipatala ca kwanu ndico cimakulemberani kalata yokutumizani.

Mankhwala ake ndi ati?

Si onse amene amalandira mankhwala ofanana. Dokotala amayamba wayeza kanyama kocokera m'cotupa, ndiye amasankha.

Njira yodziwika kwambiri ndi kuphatikiza doxorubicin ndi cyclophosphamide. Amapereka kamodzi pa masiku 21 alionse, nthawi zinayi. Doxorubicin ndi wofiira. Pambuyo pake ambiri amalandira paclitaxel, mlungu uliwonse kwa milungu 12, kapena docetaxel pa milungu itatu iliyonse. Zonse pamodzi zimatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi.

Palinso mankhwala ena amene si kimiyo. Khansa ina imakula cifukwa ca mahomoni a cikazi. Pa khansa yotero amapereka mapiritsi a tamoxifen, akumwa tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10. Musacite manyazi kufunsa dokotala kuti: "Mankhwala anga dzina lake n'ciyani? Ndilandira kangati?" Pemphani akulembereni papepala.

Zimene mungamve m'thupi

Kimiyo imapha maselo amene amakula msanga. Vuto ndi lakuti maselo a tsitsi, a m'kamwa ndi a magazi nawonso amakula msanga. N'cifukwa cake mumamva zovuta izi.

Mseru ndi kusanza zimabwera masiku oyamba. Adzakupatsani mapiritsi oletsa kusanza. Imwani monga akuuzirani, osadikira kuti muyambe kusanza. Idyani pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala, nthoci, mbatata, nsomba, nyemba, mazira ophika bwino. Imwani madzi ambiri owiritsa.

Tsitsi limayamba kuthothoka patapita milungu iwiri kapena itatu. Zimawawa mumtima, inde, koma limameranso mankhwala akatha. Amayi ambiri amameta okha lisanathothoke n'kumanga duku kapena kapulana.

Mkodzo ungakhale wofiira tsiku limodzi kapena awiri mutalandira doxorubicin. Si magazi ayi, ndi mtundu wa mankhwalawo.

M'kamwa mungatuluke zilonda. Cukucani ndi madzi oyera othira mcere pang'ono, ndipo pewani tsabola ndi mowa. Paclitaxel amacititsa dzanzi ku zala za m'manja ndi m'mapazi. Dzanzi likayamba, uzani dokotala. Msambo ungasokonezeke kapena kuima, komabe mimba ingabwere. Kimiyo ndi yoopsa kwa mwana wa m'mimba, choncho kambiranani za kulera. Musayamwitsenso pa nthawi ya mankhwala.

Cizindikiro coopsa: kutentha thupi

Apa mvetserani bwino. Kimiyo imacepetsa asilikali a m'magazi amene amalimbana ndi matenda. Amacepa kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 mutalandira mankhwala. Pa masiku amenewa kamatenda kakang'ono kangakule msanga n'kupha munthu.

Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena mukamanjenjemera ndi kuzizira, pitani kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Musangoti "ndi malungo" n'kukagula mapiritsi kumsika. Mukafika, uzani namwino kuti muli pa kimiyo. Pitaninso msanga ngati mukusanza osaleka, mukutsegula m'mimba kwambiri, mukutuluka magazi kapena mukubanika.

Gonani m'neti usiku uliwonse. Sambani m'manja ndi sopo. Ngati mumamwa ma ARV, musaleke, koma dokotala wa khansa adziwe. Mankhwala a zitsamba nawo muwachule, pakuti ena amasokoneza kimiyo.

Nanga nchito?

Funso limeneli limasowetsa tulo, pakuti ana ayenera kudya. Yankho lake si limodzi. Ena amagwirabe nchito, ena amapuma miyezi ingapo. Onse sanalakwe.

Kutopa kwa kimiyo kumabwera mwa kanthawi. Masiku oyamba mutalandira soro ndiwo olemera. Mlungu waciwiri ndi wosamala matenda. Mlungu wacitatu mphamvu zimabwerako. Lembani pa kalendala tsiku la mankhwala ndi mmene mwamvera tsiku lililonse. Mukatero mudzadziwa masiku anu abwino, ndipo nchito yolemetsa mudzaiika pamenepo.

Ngati mumalima, pitani kumunda m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Samalani kuti khasu kapena minga isakucekeni. Ngati anacotsa timitsempha ta m'khwapa, mkono wa mbali imeneyo ungatupe, choncho mtolo wa nkhuni ndi cigubu ca madzi muwasiyire ena kufikira dokotala atakulolani.

Ngati mumagulitsa pamsika, pezani m'bale wokhala pa benchi masiku amene asilikali a m'magazi acepa. Mu chapa yodzaza anthu, valani masiki.

Ngati munalembedwa nchito, pemphani dokotala kalata yosonyeza kuti mukudwala, n'kuipereka kwa abwana. Pemphani nchito yopepuka kapena maola ocepa. Amene amadulidwa ndalama za INSS afunse kumeneko za thandizo la ndalama la wodwala.

Musasiyire panjira

Amayi ena amalandira kawiri, tsitsi n'kuthothoka, ndalama ya ulendo n'kutha, basi osabwereranso. Pamenepo khansa imapeza mpata wobwerera, ndipo ikabwera kaciwiri imavuta kuciza. Zovuta zikakula, musathawe. Uzani dokotala, angasinthe mlingo kapena tsiku. Khalani pansi ndi banja lanu mankhwala asanayambe: ndani adzakuperekezani, ndani adzaphika, ndalama ya ulendo idzacokera kuti. Auzeninso kuti khansa si yopatsirana. Mungadye nawo mbale imodzi popanda mantha.

Mafunso okambirana

1. Ndi masiku ati amene asilikali a m'magazi amacepa kwambiri?
2. Thupi likatentha, muyenera kucita ciyani?
3. Kwanuko, anthu angamuthandize bwanji mayi amene ali pa kimiyo?