Kuzindikira abakha a m'tchire amene amamira m'madzi

Anthu okhala m'mphepete mwa nyanja, madamu ndi madambo a m'chigawo cha kummwera kwa Africa amaona abakha a m'tchire a magulu awiri. Ena amadyera pamwamba pa madzi, kapena amangoviika mutu mchira uli m'mwamba. Ena amamira thupi lonse n'kukasaka chakudya pansi. M'gulu lachiwirili muli mitundu itatu yodziwika bwino, ndipo umodzi uli pangozi yoti ukhoza kutheratu.

Bakha womira amadziwika poyamba ndi machitidwe ake. Miyendo yake ili chakumbuyo kwenikweni, n'chifukwa chake amapalasa mwamphamvu pansi pa madzi koma amayenda movutikira pamtunda. Akamasambira, thupi lake limalowa kwambiri m'madzi. Pofuna kuuluka amayamba wathamanga pamwamba pa madzi, pamene abakha a gulu linalo amangonyamuka pomwepo.

Mtundu woyamba, umene m'Chingerezi umatchedwa Southern Pochard, umapezeka kuchokera ku Ethiopia mpaka ku South Africa, komanso ku South America. Wamwamuna ndi wakuda mofiirira ndipo ali ndi maso ofiira. Wamkazi ndi wotuwirako, ali ndi banga loyera patsinde pa mlomo ndi mzere woyera wokhota ngati mwezi watsopano kumbuyo kwa diso. Akauluka, onse awiri amaonetsa mzere woyera m'mapiko.

Wachiwiri ndi White-backed Duck, amene amakonda madzi odekha omera akakombo, ndipo amadya njere za zomerazi. Thupi lake ndi lamathothomathotho, lofiirira ndi lakuda, choncho amabisika mosavuta pakati pa masamba. Ngakhale dzina lake likunena za msana woyera, msanawo umaoneka bwino pokhapokha akauluka. Ali pamadzi, chizindikiro chodalirika ndi kabanga koyera pafupi ndi mlomo.

Wachitatu ndi Maccoa Duck, wa mchira wolimba umene nthawi zambiri amauimika m'mwamba. M'nyengo yoswana, wamwamuna amakhala ndi mutu wakuda, thupi lofiirira ndi mlomo wabuluu wowala. Chakudya chake chachikulu ndi mphutsi za tizilombo zokhala m'matope. Amapezeka m'maiko monga South Africa, Namibia, Botswana ndi Zimbabwe, ndiponso kummawa kwa Africa. M'chaka cha 2021 bungwe la IUCN linaika bakhayu m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotha. Zina mwa zimene zikumuchepetsa ndi kuipitsidwa kwa madzi, kuuma kwa madambo ndi maukonde a asodzi, amene bakha womira amakodwamo n'kufera pansi pa madzi.

Nthawi yabwino yoonera abakhawa ndi m'mawa ndi madzulo, munthu atakhala chete pamalo amodzi ndi magalasi oonera patali. Ndi bwino kulemba tsiku, malo, chiwerengero cha mbalame, maonekedwe a diso, mlomo ndi mchira. Zolembedwa zoterezi zimathandiza pa kalembera wa mbalame za m'madzi amene bungwe la Wetlands International limayendetsa, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa amachitika mu Januwale ndi mu Julaye.

Wokhala m'mbali mwa madzi angatetezenso mbalamezi posatentha bango ndi udzu wa m'mphepete momwe zimamanga zisa, poletsa agalu kufika pamalowo, ndiponso povuula maukonde akale otayidwa m'madzi.