Kodi Ankafuna Kuti Tikhale Anthu Otani? Mbiri ya Sukulu Kwathu Kuno

Abale ndi alongo amene mutsogolera makalasi a akulu, pali cinthu cimene tonse taciona. Amai acikulire amene pamaliro amalongosola mwambo anthu onse ali cete, akangolowa m'kalasi ndi kugwira pensulo amasowa conena. Mukawafunsa funso amazolika, nati: "Ife ndife mbuli, aphunzitsi, nenani ndinu." Kodi mau amenewa anawatenga kuti? Sanabadwe nao ai. Alipo amene anawaphunzitsa kuti nzeru zao si nzeru. Tiyeni tsono tibwerere m'mbuyo, tione kumene mau amenewa anacokera.

Sukulu iliyonse, isanasankhe buku, imayamba yayankha funso ili: mwanayu tifuna adzakhale munthu wotani? Yankho lace ndilo limasankha cinenero, maphunziro, ngakhale cikwapu cimene. Kwathu kuno, ku Angónia ndi ku gombe la nyanja ku Niassa, funsoli layankhidwa kangapo, ndipo mayankho ace sanafanane.

Yankho loyamba linali la makolo. Iwo ankafuna munthu wa pamudzi: wodziwa ulemu, wodziwa khasu, wodziwa cocita pa maliro ndi pa mlandu. Mabuku analibe, koma dongosolo analinalo. Ana ankayamba ndi nthano ndi ndagi madzulo pamoto. Atsikana akatha msinkhu ankalangizidwa ndi anamkungwi ku cinamwali, anyamata a Cicewa ankapita ku dambwe. Mnyamata ankaphunzira kusema mpini kapena kusoka ukonde poonerera ndi pocita, osati pomva cabe. Mphunzitsi sanali mmodzi, paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisabise, sukulu imeneyi inalinso ndi zowawa zace. Mwana wofunsafunsa ankamuti wamwano, ndipo malangizo ena ankapondereza akazi. Koma palibe amene ankatulukamo akudziyesa mlendo pa dziko la kwao.

Yankho laciwiri linadza ndi amisyoni. A Anglican a UMCA anakhazikika pa Likoma m'caka ca 1885, ndipo William Percival Johnson anayenda m'midzi ya ku gombe la kum'mawa kwa nyanja, natsegula sukulu. Ca m'ma 1900 ku Kobwe kunali kale sukulu ya St Michael yophunzitsa aphunzitsi, ndipo sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, nayonso inali ndi kalasi m'kati mwace. Mu 1912 Baibulo lathunthu linatuluka m'Cinyanja ca ku nyanja. Ku Angónia ansembe a Cijezuiti anatsegula Lifidzi mu 1908, ndipo a Dutch Reformed anatsegula Mphatso mu 1909. Amisyoni ankafuna munthu wotha kuwerenga Mau a Mulungu ndi katekisimu, cotero anayamba ndi cinenero cimene munthuyo anayamwira. Cipatso cace tikucidya mpaka lero, popeza Cinyanja cinalembedwa. Yohana Abdallah, wansembe wa Ciyao ku Unangu, anafika polemba mbiri ya mtundu wace m'Ciyao, imene inasindikizidwa mu 1919. Komabe ife a mpingo tiyenera kuvomera mbali yathu. M'malo ambiri mwana wa sukulu ankauzidwa kuti ng'oma, gule ndi cinamwali zonse n'zacikunja, asankhe cimodzi, buku kapena agogo ace. Pamenepo mpamene mudzi ndi sukulu zinayamba kufulatirana.

Yankho lacitatu linali la boma la Apwitikizi. Iwo sanakondwe ndi sukulu za amisyoni acilendo, ndipo mu 1922 misyoni ya Dutch ku Angónia inatsekedwa. Mu 1930 anaika lamulo la sukulu ziwiri: ina ya ana a azungu ndi a "assimilado", ina ya ana a "indígena", yochedwa ensino rudimentar. Pangano la Portugal ndi Vatican la 1940, pamodzi ndi Estatuto Missionário ya 1941, linapereka sukulu ya ana akuda m'manja mwa misyoni za Cikatolika, ndi lamulo lakuti maphunziro akhale m'Cipwitikizi. Cinenero ca kwathu cinangotsalira pa katekisimu basi. Mwana wa ku Domwe ankaloweza Tejo ndi Douro, mitsinje imene sadzamwako, koma mtsinje umene amai ace ankatungako sunali m'buku. Ana ambiri ankatha nthawi yaitali akulima m'munda wa misyoni, ndipo wolakwitsa ankaonjola manja kulandira palmatória. Munthu amene sukulu imeneyi inkafuna anali wa nchito womvera, wodziwa Cipwitikizi cokwana kumva malamulo. Kuti uchedwe wotsogola unayenera kusiya miyambo ya kwanu, ndipo ofika pokhala "assimilado" sanakwane ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse. Dzina la sukuluyo linasintha mu 1956 kukhala ensino de adaptação, lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, koma manyazi anali atamera kale. Amai athu aja, kapena amai ao, anadutsa pakhomo la sukulu imeneyi.

Yankho lacinayi linadza ndi ufulu wa pa 25 Junyu 1975. Nthawi imeneyo anthu pafupifupi 93 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pa 24 Julayi caka comweco boma linatenga sukulu zonse, za misyoni zomwe. Mu 1978 inayamba kampeni yaikuru yophunzitsa akulu, ndipo m'kalembera wa 1980 ciwerengero cija cinatsika kufika ca pa 72. Imeneyi inali nchito yaikuru, tisainyoze. Lamulo la maphunziro la 1983 linanena poyera kuti colinga cace n'kupanga "Homem Novo", munthu watsopano. Koma pofuna umodzi wa dziko, cinenero ca kalasi cinakhalabe Cipwitikizi cokha, ngakhale m'makalasi a akulu, ndipo miyambo yambiri inachedwa "obscurantismo", zamdima. Taonani: nkhalamba inayenera kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, zilembo ndi cinenero cacilendo. Ambiri anagwa ulesi nasiya. Kenaka nkhondo inatentha sukulu zambirimbiri za kumidzi, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Kumeneko, ku Dedza ndi ku Ntcheu, abale athu anaona ndi maso ao ana a eni dziko akuwerenga mabuku a m'cinenero comwe cino.

Mtendere utabwera pa 4 Okutobala 1992, funso lija linafunsidwanso. Akatswiri a NELIMO ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane anali atakonza kale kalembedwe ka zinenero zathu pa msonkhano wa 1988. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panali kuyesera kochedwa PEBIMO: ana ena ku Gaza anayamba sukulu m'Cicangana, ena ku Tete m'Cinyanja, Cipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Oona anapeza kuti ana amenewo ankayankha ndi kufunsa m'kalasi mopanda mantha. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analoledwa m'sukulu zina za boma, ndipo ndondomeko ya 2004 inasiya magawo 20 pa 100 a nthawi ya maphunziro kuti akhale a "currículo local", ndiye kuti nzeru za pamalopo. Mu 2005 UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Moçambique ndi Zambia, gule yemwe uja ankathamangitsidwa.

Nanga ife tiphunzirapo ciani? Tisaganize kuti popeza malamulo anasintha ndiye kuti kalasi yathu nayo yasintha. Mtsogoleri angathe kuyankhula Cinyanja cokoma, koma akuphunzitsa ndi mtima wa ensino rudimentar: iye yekha kutsogolo, ena onse kubwereza ngati ana. Paulo Freire wa ku Brazil, pophunzitsa anthu a nchito ku Angicos mu 1963, ankayamba wamvetsera mau amene anthuwo amachula tsiku ndi tsiku, napanga maphunziro kucokera pa mau omwewo. Makolo athu sakadadabwa nayo njira imeneyi, cifukwa mpini ankauphunzitsira pa mtengo, osati pa nkhani.

Tsono sabata ino yesani izi. Musanatsegule buku, afunseni amai aja dzina la mtsinje umene amatungako, maina a mbeu zimene asunga m'nkhokwe, ndi mudzi umene anathawirako nthawi ya nkhondo. Lembani mau aowo pa bolodi, ndipo zilembo za tsiku limenelo zicoke mmenemo. Akafuna Cipwitikizi ca ku cipatala kapena ca ku ofesi ya boma, apatseni ndithu, cifukwa n'cao naconso, ndipo kuwamana kungakhale kubwereza sukulu ziwiri za 1930. Koma ciyambe n'cimene akudziwa kale.

Akadzanenanso kuti "ife ndife mbuli," musawatsutse ndi pakamwa. Alozereni pa bolodi, muwafunse kuti mau amene alembedwapowo ananena ndani.